A Zuze ndi Galimoto Yawo Yobiriwira

Uthenga wa imfa ya a Zuze unandipeza ndili pa siteji ya minibasi ku Limbe. Anandiimbira ndi mayi ogulitsa makala amene anayandikana nawo nyumba ku Zingwangwa. Anati m'mawa wa tsikulo sanamve injini ikulira monga mwa masiku onse, ndipo dzuwa litakwera chitseko chili chitsekere, anaitana amuna awiri kuti athyole loko. Anawapeza atakhala pampando, atavala ovolosi, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'manja. Mwezi uno patha chaka. Lamulungu lapitali dzina lawo linawerengedwa pa Misa limodzi ndi mayina a anthu ena omwalira. Ndinaponya maso m'tchalitchi monse kuti ndione ngati pali wina amene watukula mutu polimva dzinalo. Panalibe.

A Zuze anali mnzawo wa bambo anga, a Namate, ndipo ife kunyumba tinkawatchula kuti ankolo. Kwawo kunali ku Nsanje. Anachokako ali mnyamata, nagwira ntchito zaka zambiri mu galaja ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kenaka anabwera m'tauni kudzayamba zawozawo. Ntchito yawo inali ya makabuleta, kachipangizo kamene m'magalimoto akale kamasakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Bambo anga anali a zamagetsi a galimoto. Awiriwa ankagwirira m'shedi imodzi ya malata kumunsi kwa msika, a Zuze mbali ya kum'mawa, bambo mbali ya kumadzulo. A Zuze ankakonda kunena kuti galimoto imayendera mafuta ndi moto, ndipo munthu mmodzi sayenera kugwira zonse ziwiri. Iwo waya sankaukhudza. Ngakhale fyuzi ikapsa pa galimoto yawo yomwe, ankadikira bambo abwere.

Anali aatali, oonda, a makutu aakulu, ndipo makutuwo ndiwo anali chida chawo chachikulu. Galimoto ikabwera, mwiniwake asanayambe kufotokoza, iwo ankakweza dzanja kuti akhale chete. Ankatenga kapaipi ka labala, mbali ina kukhutu, mbali ina pa injini, n'kutsinzina. Nthawi zina ankachotsa pulagi n'kuinunkhiza. Akamasula kabuleta, tizidutswa take ankatitsuka m'beseni la enamelo n'kutiyala pa nsalu yoyera ya patebulo imene malemu akazi awo, mayi Lusiya, anaipeta maluwa m'mphepete. Munthu akangosendeza kasikuluwu kamodzi pa nsaluyo, tsiku limenelo sankamuyankhulanso. Tiyi ankamwera m'botolo la jamu. Chakudya chimene chinkawasangalatsa chinali milamba youma ya kwawo ku Chigwa, ndipo akamva kuti wina akuchokera kumudzi, ankamudikira pamsewu kuyambira m'mawa. Chichewa chawo chinali cha m'tauni, koma akathokoza kuchokera pansi pa mtima ankati “takhuta,” ndipo ndinawamva akutero kosapitirira kanayi.

Galimoto yawo anthu ankaitcha Bwato. Inali yaitali, yotambalala, yobiriwira, ya ku Amerika, chiwongolero chili kumanzere. Mzungu wa pa esiteti ija anawasiyira pochoka, itafa kale, ndipo a Zuze anaidzutsa okha pang'onopang'ono. Kwa zaka zambiri Bwato inali galimoto ya maukwati. Akwati a ku Zingwangwa, ku Chilobwe mpaka ku Nancholi anakwera mmenemo. Koma ukwati uliwonse unkayamba ndi mkangano, chifukwa a Zuze sankalola selotepi pa penti yawo. Amayi a zokongoletsa ankabwera ndi mabaluni ndi maliboni, iwo n'kuwauza kuti amange ndi ulusi pa zogwirira zitseko, apo ayi akapeze lole. Tsiku lina anatsitsa mlongo wa mkwati pakati pa msewu chifukwa ankadya chinangwa chokazinga pa mpando wakumbuyo.

Kenaka m'tauni munadzaza magalimoto a ku Japani, opanda kabuleta. Anyamata okonza magalimoto anayamba kuyenda ndi timakina tolumikiza pansi pa chiwongolero, n'kumawerenga matenda a galimoto pa sikirini. A Zuze ankawanyoza poyera, amvekere ameneyo si makaniko, ndi kalaliki. Koma makasitomala anatsatira makalalikiwo. Chakumapeto, a Zuze ankangolandira majenereta, njinga zamoto ndi mapikapu otopa a anthu a kumudzi. Akwati nawonso anayamba kufuna magalimoto oyera a magalasi akuda. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anapita ku Joni, ndipo mafoni ake ankabwera patalipatali mpaka analeka.

Za kudana kwawo ndi bambo anga ndinazidziwa bwino chifukwa ndinali wamkulu kale. Kunabwera minibasi yakale imene onse awiri anaigwira tsiku limodzi. A Zuze anakonza kabuleta, bambo anasintha mawaya a sitata. Itachoka pa shedi, isanafike n'komwe pa msewu waukulu, inayaka moto. Palibe anavulala, koma inapsa yonse. Anthu atasonkhana, mwini minibasi akulira, a Zuze ananena mokweza kuti moto umachokera ku waya, ndipo aliyense akudziwa amene amagwira mawaya pa shedi ino. Madzulo a tsikulo bambo anatolera zida zawo m'bokosi, nalisenza pamutu mpaka kunyumba. Mbiri inawanda kuti a Namate amaotcha magalimoto. Ntchito inawathera, ndipo anatsiriza ndi kukonza ma ayironi ndi mawailesi pakhonde pathu. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anthu awiriwa ankapemphera m'tchalitchi chimodzi, kumayenda njira imodzi, koma osapatsana moni. Pa maliro a mayi Lusiya bambo anapita, nakhala kutali pansi pa mpanda. Pa maliro a amayi anga a Zuze anachita chimodzimodzi.

Bambo anagwa mwezi wa Meyi. Inali sitiroko. Dzanja ndi mwendo wamanja zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu anatsala owerengeka: “eya,” “ayi,” “madzi,” ndi dzina langa lodulidwa pakati. A kuchipatala anati tizibwera nawo katatu pa sabata kudzachita mafizo, m'mawa, ndipo tikamadumphadumpha dzanjalo liuma. Kuchokera kwathu kukafika pa siteji ndi chitunda cha miyala. Ndinkawakankha pa wilitcheya yobwereka kutchalitchi, kenaka n'kumapempha makondakitala kuti andithandize kuwanyamula. Ambiri akaona wilitcheya ankangodutsa. Tsiku lina m'mawa, kuli chifunga ndi kamvula ka chiperoni, tayilo linakodwa mumwala ndipo bambo anagwera m'ngalande. Ndikuwadzutsa, ndinaona a Zuze ataima patali, pakhomo pa shedi yawo. Sanabwere. Ndinawada tsiku limenelo kuposa kale lonse.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuyambira m'mawa wotsatira anayamba kulimbana ndi Bwato. Galimotoyo inali itakhala zaka zingapo isakuyenda bwino, ndipo vuto lake linali tchoki. Tchoki ndi kachitseko ka pakamwa pa kabuleta. Injini ikazizira kamatseka mpweya kuti petulo achuluke, galimoto ilire msanga, ndipo injini ikamatentha kamatseguka pang'onopang'ono. Pa Bwato, chimene chinkatsegula kachitsekoko chinali kapaipi kachitsulo kotenga mpweya wotentha ku ekizozi n'kukathira pa sipuling'i. Kapaipiko kanali katadyeka ndi dzimbiri mpaka mkati momwe kamalowera. A Zuze anali atawotcherera kangapo mpaka panalibenso chowotcherera. Choncho tchoki ikatseka sinkatsegukanso, galimoto inkafuka utsi wakuda n'kuzima pa chitunda. Akaimangirira kuti ikhale yotseguka, m'mawa wozizira galimoto sinkalira. Galimoto yotero sungaidalire kuti ikafikitse wodwala kuchipatala nthawi yake.

Njira ina inalipo, ndipo a Zuze ankaidziwa. Kalekale, ubwenzi ukadalipo, bambo anapeza kwa ogulitsa zida zakale ku Ndirande chivundikiro cha tchoki chamagetsi, chakuda, chozungulira ngati chotsekera cha botolo la mafuta odzola. Mkati mwake muli sipuling'i yomweyo, koma imatenthedwa ndi waya m'malo mwa mpweya. Anawapatsa a Zuze n'kuwauza kuti kapaipi kawo tsiku lina kadzawola. A Zuze anakwiya, nanena kuti waya sudzafika pa kabuleta yawo iwo ali moyo. Koma chivundikirocho sanachitaye. Anachikulunga m'pepala n'kuchiika m'chitini cha mkaka.

Kuchimanga sikunawavute. Anamasula tisikuluwu titatu, nachotsa chakalecho, nakoweka sipuling'i yatsopano pa kamkono ka tchoki, natseka mabowo a kapaipi kaja. Chinawavuta ndi waya. Poyamba anaulumikiza ku batire, ndipo chivundikirocho chinakhala chikutentha usana ndi usiku. M'mawa anapeza tchoki ili chitsegukire, batire itatheratu. Atatchajitsa, anaulumikiza ku koyilo, kachipangizo kopereka moto ku mapulagi. Moto wake unali wochepa, tchoki inkachedwa kutseguka, ndipo injini inayamba kutsokomola. Vuto la ntchito imeneyi n'lakuti umaiyesa injini itazizira kotheratu, ndiye kuti mwayi ndi umodzi wokha pa tsiku. Ukalakwa, udikire mawa. A Zuze anataya sabata yathunthu motero.

Loweruka masana ndinamva odi pakhomo. Nditatsegula ndinapeza ali iwo, atavula chipewa, chivundikiro chija chili m'manja, waya akulendewera.

“Sofiya, bambo ako ali maso?”

“Ali maso, ankolo. Mukufuna chiyani?”

“Ndikufuna kufunsa za waya.”

Ndinaima pakhomopo kanthawi. Mtima unkandiuza kuti nditseke chitseko. Koma bambo anali atamva mawuwo ali pampando wawo pabalaza, ndipo anamenya ndodo pansi kawiri, monga ankachitira akafuna kuti munthu alowe.

A Zuze sanakhale pampando. Ananjuta patsogolo pa bambo n'kuwaonetsa chivundikirocho.

“A Namate, mukuchikumbukira ichi? Ndachiika pa Bwato. Ndayesa ku batire, chakana. Ndayesa ku koyilo, chakana. Sindikudziwa kotenga moto.”

Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali. Atamva za koyilo anapukusa mutu, ndipo pakamwa pawo popotoka panatuluka kaphokoso kamene sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kudandaula. Kenaka analoza pansi pa kabati ndi dzanja lamanzere. Mmenemo munali bokosi lawo la zida, limene linali lisanatsegulidwe chigwereni. Ndinalikoka. Anandikaniza chida ichi ndi icho mpaka nditatulutsa tesita yawo, kababu kakang'ono ka waya ndi chitsulo chosongoka.

M'mawa mwake, tisanapite ku Misa, tinawakankhira ku shedi. A Zuze ndi amene anagwira wilitcheya pa chitunda chija. Bambo anali asanapondeko pa shediyo zaka zonse zija, ndipo mbali yawo ya kumadzulo inali chikhalire yopanda kanthu, benchi yawo ili pomwepo. Tinawasendeza pafupi ndi chitseko cha galimoto pamene pali bokosi la mafyuzi. Ine ndinagwira waya wa tesita pa chitsulo cha galimoto, bambo n'kumagunda mafyuzi mmodzimmodzi ndi dzanja lawo lamanzere. Akafuna kiyi atembenuzidwe, ankakweza chibwano kwa a Zuze. Fyuzi woyamba, babu linayaka kiyi ali chizimire. “Ayi.” Wachiwiri ndi wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi, wa mawaipa, babu linakhala lozima, ndipo a Zuze atatembenuza kiyi linayaka mowala. Atabweza kiyi linazima. Bambo anagunda pamenepo katatu.

“Eya,” anatero.

A Zuze analumikiza wayayo ndi manja awo, bambo akuwayang'anira, ndipo anawabwezetsa kawiri chifukwa anamanga molekeza. Anaonjezera waya wina waufupi wopita ku chitsulo cha injini. Kenaka inafika mbali ya a Zuze. Anamasula pang'ono tisikuluwu tija n'kumazunguza chivundikiro pang'onopang'ono, maso ali pa kachitseko, mpaka kanangotseka kokha mosakakamiza. Anamanga. Anakhala pa chiwongolero, naponda mafuta kamodzi, natembenuza kiyi. Bwato inalira nthawi yomweyo. Tonse atatu tinasuzumira pakamwa pa kabuleta, ndipo tinaona kachitseko kaja kakutseguka kokha, mwapang'onopang'ono, mpaka kanaima chilili. Utsi wa kumbuyo unayera. A Zuze anapukuta manja pa ovolosi kwa nthawi yaitali ngakhale sanali akuda.

“Takhuta,” anatero, akuyang'ana injini.

Kuyambira Lolemba lotsatira, katatu pa sabata, Bwato inkaima pakhomo pathu nthawi ya sikisi. Bambo ankakhala kutsogolo, ine kumbuyo. M'galimotomo simunkayankhulidwa zambiri. Tikafika, a Zuze ankatsala panja, n'kumapukuta magalasi.

Tsiku lina mwezi wa Ogasiti, pobwerera, anapatutsa galimoto pambali pa msewu pafupi ndi mlatho wa Mudi. Sanazimitse injini. Manja onse anali pa chiwongolero ndipo maso anali kutsogolo.

“A Namate, minibasi ija sinali waya. Ndinali ine. Paipi ya petulo sindinaimange bwino pa kabuleta. Patatha masiku atatu ndinapita kukaona chigoba chake, ndinapeza nati ili yomasuka, ndinaizunguza ndi zala. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndinakhala chete.”

Ndinakumbukira amayi akugulitsa tomato pamsewu chifukwa ntchito ya bambo inali itatha. Ndinafuna kuyankhula, koma ndinaona kuti si ine wouzidwa. Bambo anatembenuza mutu movutikira n'kuwayang'ana a Zuze. Minibasi zinkatidutsa zikuliza mahutala. Kenaka bambo anamenya pa dashibodi ndi dzanja lamanzere.

“Tiye,” anatero.

A Zuze analowetsa giya, tinapita. Sanabwerezenso nkhaniyo, ndipo Lachisanu lake anabwera nthawi yomweyo ya sikisi. Dzanja la bambo lodwala lija linayamba kugwira kapu. Koma mvula zoyamba zitagwa, sitiroko inabweranso, ndipo ulendo uno sanadzuke. Pa maliro a bambo, a Zuze sanakhale pansi pa mpanda. Anapempha kuti bokosi likwere Bwato, koma silinakwane, ndiye anangotsogolera mdipiti, ali okha m'galimoto, magetsi ali oyatsa.

A Zuze anakhalabe ndi moyo zaka zisanu ndi chimodzi bambo atapita. Ndinkawayendera mwezi ndi mwezi, nthawi zina kudumphitsa, chifukwa ndinali nditasamukira ku Machinjiri. Sindinganame kuti ndinawakhululukira msanga. Panapita nthawi ndisanathe kumwa tiyi wawo. Ulendo uliwonse, tikacheza za mitengo ya zinthu ndi za miyendo yawo imene inkatupa, ankafika pa funso lomwelo.

“Sofiya, mawu aja a bambo ako. Ukuganiza kuti anandimva?”

“Anakumvani, ankolo. Makutu awo anali abwino.”

“Nanga ankatanthauza chiyani? Kuti zatha, kapena kuti ndisawatayitse nthawi?”

Ndinkawauza kuti bambo sanati “tiyeni,” anati “tiye,” monga ankayankhulirana kale asanadane. A Zuze ankagwedeza mutu, koma kenaka ankati mwina lilime lodwala lija linangolephera kumaliza mawu, monga linkalepherera kumaliza dzina langa. Inenso sindikudziwa.

Maso atayamba kuchita khungu analeka kuyendetsa, koma m'mawa uliwonse ankailiza Bwato, n'kukhala mkatimo mpaka injini itatentha, kenaka n'kuzimitsa. Petulo ankagula wa m'botolo la malita awiri. Anthu atsopano a m'deralo, amene sanaone maukwati aja, ankawayesa osokonekera mutu. Kutchalitchi ankapita Misa yoyamba n'kukhala pa benchi yomalizira, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere kawirikawiri pafupi nawo pankakhala palibe munthu.

Maliro awo anali a anthu ochepa. Mwana wa mchemwali wawo anabwera ndi pikapu kuchokera ku Nsanje, natenga thupi tsiku lomwelo. Mwana wawo wa ku Joni sitinamupeze. Patatha sabata ziwiri wachibale uja anabweranso ndi lole, nakweza Bwato. Ena amati inagulidwa ndi munthu wosunga magalimoto akale ku Namiwawa, ena amati inaphwasulidwa ku Ndirande. Sindinafufuze.

Dzulo ndinatsika minibasi pa msika wa Zingwangwa n'kuyenda kupita kumunsi. Malata a shedi anachotsedwa, patsala mizati inayi ya bulugamu, umodzi utapendekeka. Wina wamanga chingwe pakati pa mizati iwiri n'kuyanika matewera ndi yunifolomu ya sukulu. M'mbali monse mwamera chisoso ndi bonongwe, koma pakati, pamene pankaima galimoto, nthaka ndi yakuda, yolimba ngati simenti, ndipo mvula ya chaka chonse yalephera kumeretsapo kanthu. Ndinaimapo kanthawi. Mayi wina amene sindikumudziwa anatuluka m'nyumba imene ankakhala a Zuze, atanyamula ndowa, nandifunsa ngati ndikufuna munthu. Ndinati ayi, ndimangodutsa. Anandipempha kuti ndisendere pang'ono, nakhuthula madzi ochapira pamalopo. Madziwo sanalowe pansi. Anangoyenderera pamwamba n'kutsikira m'ngalande.